Gemu ya pa buleki izidziwa kutha



Nkhani ya magemu a pa foni ndi pa kompyuta imabwera pafupifupi pa msonkhano uliwonse wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo mathero ake sasintha. Makolo amati ana asiye, ana amagwedeza mutu ngati amva, mawa lake zonse zili momwe zinalili dzulo. Ine ndimaphunzitsa masamu komanso ndine wosunga makiyi a chipinda cha makompyuta, choncho mbali zonse ziwiri ndimaziona. Kuletsa magemu onse ndimakuona ngati kutunga madzi ndi lichero. Mwana amene wakhala pa desiki kuyambira m'mamawa mutu wake umafuna kupuma, monga momwe ifenso tinkathamangira ku phada, fulaye ndi mpira wa chikulunga. Chofunika n'kusankha, ndipo muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi umodzi: gemu ya pa buleki izidziwa kutha. Belu likalira, azana ikamveka, kapena mayi akaitana kuti ukatunge madzi ku kiyosiki, uzitha kudzuka mtima uli m'malo.

Ophunzira musandimve molakwa. Lamulo la sukulu pa nkhani ya mafoni silinasinthe, ndipo nkhani inoyi si chikalata chokaonetsa kwa ahedi foni yanu ikagwidwa. Ndikukamba za mphindi zochepa za m'chipinda cha makompyuta ntchito ikatha, za mu minibasi yochokera ku Limbe ikaima kudikira kudzaza, ndi za kunyumba mukamapumira pakati pa phunziro lina ndi lina pa foni imene makolo akubwerekani.

Magemu amene ndikunena ndi oseweredwa pa browser, ija pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome kapena Firefox. Safuna kudawuniloda. Mafoni ambiri m'makomo mwathu muno ndi ma itel ndi ma Tecno odzaza kale ndi zithunzi za pa ukwati ndi mauthenga a pa WhatsApp, moti kuikamo gemu yaikulu ndiye kuyamba kufufuta zinthu za amayi, mlandu n'kubuka madzulo. Gemu ya pa browser ukatseka tsamba yapita. Amene amadalira Opera Mini pofuna kusunga bandulo adziwe kuti ikaikidwa posunga data kwambiri, tsamba limakonzedwa kaye pa makompyuta a kampaniyo lisanafike pa foni yanu, ndipo magemu ambiri amangouma osayenda.

Yotchipa kuposa zonse ndi ya kanyama kaja kamene kamaoneka pa Chrome netiweki ikathawa. Anthu ambiri amakaona n'kutseka mokwiya, osadziwa kuti ukakagunda ndi chala, kapena ukadina batani lalitali lija la pa kiyibodi, kamayamba kuthamanga. Ntchito yako n'kukalumphitsa minga ndi kukazembetsa mbalame. A Google anakaikamo mu 2014. Anakajambula ndi Sebastien Gabriel, ndipo nthabwala yake ndi yakuti kukhala wopanda intaneti kuli ngati kubwerera m'nthawi ya ma dinosaur. Ife a ku Malawi nthabwalayi isatiwawe, popeza dinosaur yeniyeni tili nayo: mafupa a Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga, ndipo chigoba chake chimaonetsedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya m'tauni imeneyo. Mu 2018 a Google ananena kuti kagemuka kankaseweredwa ka 270 miliyoni pa mwezi, makamaka m'maiko amene netiweki ndi yosadalirika kapena data ndi yodula, monga India, Brazil, Mexico ndi Indonesia. Ukafuna kukapeza netiweki ilipo, umalemba chrome://dino pamalo polemba adiresi.

Kodi kamaphunzitsa chiyani? Palibe. Sindinama kuti kamanola ubongo. Koma sikadya bandulo, kalibe zotsatsa malonda, ndipo liwiro lake limakwerakwera mpaka munthu wamba amagunda munga pasanathe mphindi zochepa. Eni ake amati kuti munthu afike kumapeto kwenikweni angafunike zaka pafupifupi 17 miliyoni, koma ana a Fomu 1 amene ndimawaona amagwa asanamalize kutafuna ndasi. Wagwa apereke mpando kwa mnzake. Kamatha kokha, ndipo pa muyeso wanga kakhoza.

Ya 2048 ndimaikonda, ngakhale ndili nayo ndi chidandaulo. Anailemba ndi mnyamata wa ku Italy, Gabriele Cirulli, mu Malichi 2014 ali ndi zaka 19, ndipo ntchito yonse inamutengera kumapeto kwa sabata imodzi. A Fomu 4 muganizirepo pamenepo, msinkhu wake si wotalikirana ndi wanu. Pali timabokosi 16, tinayi m'litali tinayi m'lifupi. Ukakankhira manambala mbali imodzi, awiri ofanana akagundana amaphatikizana: 2 ndi 2 apanga 4, 4 ndi 4 apanga 8, mpaka ufike pa 2048. Amene mwaphunzira ma indices mwaona kale kuti 2048 ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 11. Ndaona ana amene ankadodoma pa bolodi ndikafunsa 2 to the power 7 akuyankha 128 mosaganizira n'komwe, chifukwa nambalayo aiona kambirimbiri ikubadwa kuchokera ku ma 64 awiri. Chinsinsi chake n'kusunga nambala yaikulu pa kona imodzi osaisuntha, zinazo n'kumazindandika motsatana pambali pake.

Chidandaulo changa ndi cha masamu. Ukasuntha kamodzi pamabwera nambala yatsopano imodzi, ka 9 pa ka 10 kalikonse imakhala 2, kotsalako imakhala 4. Ndiye kuti kusuntha kulikonse kumaonjezera pafupifupi 2.2 pa bolodi. Gawani 2048 ndi 2.2, mupeza kuti pafunika kusuntha koposa ka 900, ndipo mukaphatikiza manambala otsalira m'mbali zimayandikira ka 1,000. Ngakhale munthu asunthe kamodzi pa sekondi iliyonse osaima kuganiza, mphindi zoposa 15 zapita, buleki yonse yathera pomwepo, chimbudzi osapita, madzi osamwa. Chimene chimaipulumutsa n'chakuti imasunga pamene unalekera. Ukatsegulanso mawa pa browser yomweyo umapeza manambala ako ali pomwepo. Koma kudzuka pamene wapanga 1024 kumafuna mtima wolimba, ndipo si ana onse ali nawo.

Imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi Wordle, chifukwa mwini wake anaganizira nkhani ya kutha kuyambira pachiyambi. Josh Wardle, wa ku Wales koma ankagwira ntchito ku New York, anaipangira mnzake wapamtima amene ankakonda masewera a mawu, kenako anaitsegulira anthu onse mu Okutobala 2021. Pa 1 Novembala chaka chimenecho oisewera anali 90 okha; patatha miyezi iwiri anapitirira 300,000, ndipo mu Januwale 2022 nyuzipepala ya New York Times inaigula. Kasewereredwe kake nkosavuta. Pali liwu la Chingerezi la zilembo zisanu lobisika, ndipo uli ndi mwayi woyesa kasanu ndi kamodzi. Chilembo chikakhala cholondola ndipo chili pamalo pake, kabokosi kamabiriwira. Chikakhala kuti chilimo m'liwulo koma wachiika polakwika, kamakhala kachikasu. Chikakhala kuti mulibe, kamatuwa. Liwu ndi limodzi pa tsiku. Wapeza kapena walephera, bwera mawa. Palibe batani lokuuza kuti seweranso.

Kwa mwana amene akudikira pepala la Chingerezi pa JCE kapena MSCE, phindu lake n'loonekeratu. Amayamba kuona momwe zilembo zimatsatirana m'Chingerezi, ndipo liwu limene lamugwetsa amakalifufuza mu dikishonale ndi mkwiyo, zimene sangachite ine nditamutuma. Koma chimene chinandisangalatsa kwambiri chinachitika tsiku lina magetsi atazima. Ana a Fomu 2 anajambula timabokosi pa bolodi ndi choko n'kuyamba kusewera m'Chichewa. Mmodzi amalemba liwu pa kapepala n'kulibisa m'thumba, anzake n'kumayesa. M'malo mwa mitundu anagwirizana kuti chilembo cholondola azichizunguliza, cha pamalo polakwika azichidula mzere pansi, chimene mulibe azichikhwatcha.

Mawu a zilembo zisanu m'Chichewa ndi ambiri kuposa momwe munthu angaganizire: nsima, madzi, ndiwo, nyama, mbuzi, khasu, mwezi, dzuwa, njira, nzeru, phiri, mpira. Tiyerekeze kuti liwu lobisika ndi mvula. Woyamba wayesa mbuzi: m ndi u zili pamalo pake, b, z ndi i mulibe. Wachiwiri wayesa mkuwa: tsopano a wa kumapeto wapezeka. Patsala zilembo ziwiri, ndipo apa ndi pamene mkangano umakoma. Anawo anatulukira okha kuti nzeru za Wordle ya Chingerezi sizigwira ntchito kuno. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho kabokosi komaliza kali ndi zosankha zisanu zokha. Ambiri amayamba ndi m kapena n. Wina anakumbuka lamulo la kalembedwe lakuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu phiri, njira ndi nzeru, pomwe kwina timalemba l, monga mu mvula ndi chala. Ndiye kuti chilembo chachitatu chikakhala u, usataye mwayi wako poyesa r pambuyo pake. Lamulo limeneli aphunzitsi a Chichewa amalibwereza chaka ndi chaka ana osalisamala, koma tsiku limenelo linali chida chopambanira ndipo aliyense analigwira. Mlandu umene sunathe ndi wa ng'ona. Ena ankati zilembo ndi zisanu, ena ankati kankhodolero kaja kayenera kukhala ndi kabokosi kakekake. Anagamula kuti mawu okhala ndi ng' asamalowe m'masewerawo, ndipo ng'ona inatulutsidwa m'kalasi.

Za chess ndinene mwachidule. Ndikudziwa kuti ma sheikh sagwirizana onse pa masewera amenewa, ndipo kumene makolo aletsa, mwana amvere a kwawo. Kwa amene amaloledwa, tsamba la lichess.org, limene anayambitsa Thibault Duplessis wa ku France mu 2010, ndi laulere, lilibe zotsatsa malonda, ndipo limayendera zopereka za anthu ofuna kwabwino. Utha kusewera osalembetsa dzina. Ubwino wake pa nkhani yathu ndi wotchi. Mukasankha mphindi zisanu aliyense popanda zoonjezera, gemuyo singapitirire mphindi khumi ngakhale mutafuna. Palinso ndagi za chess, pamene umapatsidwa bolodi lili pakati pa nkhondo n'kufunsidwa kuti upeze njira yopambanira. Gawo lotchedwa Puzzle Storm limakupatsa mphindi zitatu basi. Ndagi zoterezi n'zakale. Akatswiri a ku Baghdad monga al-Suli, amene anakhalako zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankazilemba m'mabuku, ndipo m'Chiarabu ankazitcha mansuba.

Tsopano mbali inayo. Mu Febuluwale 2014 mnyamata wa ku Vietnam, Dong Nguyen, anachotsa yekha pa msika gemu yake ya pa foni yotchedwa Flappy Bird, pa nthawi imene zinkamveka kuti ikumubweretsera madola 50,000 pa tsiku kuchokera ku zotsatsa malonda. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti anaipanga kuti munthu asewere mphindi zochepa popuma, koma anthu anakodwa nayo osatha kuileka. Anthu otere ndi ochepa. Masamba ambiri a magemu aulere amapeza ndalama inu mukaona zotsatsa, choncho mukakhalitsa iwo ndiye adya bwino. N'chifukwa chake gemu ikangotha ina yayamba kale, mphatso ikukudikirani mukasewera kamodzi kena, ndipo kavidiyo kotsatsa kakumwa bandulo imene bambo anagulira kuti mufufuzire za Biology. Pa masamba oterewa pamakhalanso mabatani onama olembedwa Download kapena Play, ndi timauthenga topempha kuti mudine Allow. Musadine. Tsamba la gemu likapempha nambala ya foni, tsekani pomwepo. Mayunitsi ambiri amene makolo amadandaula kuti akungosowa amathawira pa khomo limeneli.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi kandege. Aliyense amene amadutsa pa Chinseu, pa Nthukwa, pa Mvula kapena pa Luwanda waonapo anyamata atatu anayi ataweramira foni imodzi, kenako onse n'kufuula limodzi kapena kugwira kumutu. Dzina lake lenileni ndi Aviator, inatuluka mu 2019, ndipo imatseguka pa browser monga magemu ena onse ndatchulawa. Ikaonekera patali imafanana ndi kanyama ka pa Chrome kaja: chithunzi chosavuta, batani limodzi, masekondi ochepa. Umaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalama yako imakwera, 1.2, 1.5, 2, 3, ndipo uyenera kutapa ndalamayo kandegeko kasanathawe. Kakathawa usanatape, zonse zapita. Pakangopita masekondi ochepa kena kanyamuka.

Kwa ife nkhani ya juga inagamulidwa kalekale, ndipo a sheikh aikamba pa Juma kangapo konse. Ine ndingoonjezerapo masamu ake. Eni gemuyi amalemba okha kuti imabweza 97 pa 100 iliyonse imene yaikidwa. Zikumveka ngati zochepa zimene zikutayika, K3 yokha pa K100. Koma onani. Tanthauzo lake n'lakuti mwayi woti kandege kafike pa 2 ndi 48.5 pa 100, osakwana theka. Wodikira 2 amaluza kambiri kuposa momwe amawinira, ndipo wodikira 10 amawina kosakwana kamodzi pa ka 10. Palibe nambala imene ungasankhe n'kuthawa K3 imeneyo. Mnyamata akhale ndi K1,000 ya transipoti, aziika K200 ulendo uliwonse, zimene wawina n'kumabwezera momwemo. Akasewera ka 50, ndalama imene yadutsa m'gemumo ndi K10,000, ndipo 3 pa 100 ya K10,000 ndi K300. Achite zimenezi masiku anayi, K1,000 ija kulibe, ndiye titatenga kuti sanakweze ndalama yoika pofuna kubweza zotayika, chimene pafupifupi aliyense amachita. Pamene kandege kathawire amasankha ndi makina mwachisawawa, osayang'ana kuti ulendo wapitawo kanathawira pati. Choncho anyamata amene amalemba manambala m'kope kufufuza ndondomeko yake akungotha bolopeni, ndipo amene amagulitsa pa WhatsApp timapulogalamu toti timalosera kandege ndi akuba achiwiri oba kwa munthu wobedwa kale.

Pa muyeso wanga uja, kandege ndiye gemu yosadziwa kutha kuposa zonse. Wowina amati kamodzi kena popeza lero ndi tsiku lake, woluza amati kamodzi kena kuti abweze. Amadzuka pokhapokha ndalama ikatha. Lamulo la dziko lino la 2022 loyendetsa juga ndi malotale, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, sililola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Koma foni sidziwa msinkhu wa chala chimene chikuidina. Mwana amalowera pa nambala ya amayi kapena ya achimwene, ndalama n'kuchoka pa Airtel Money kapena Mpamba. Makolo, PIN yanu isakhale nyimbo yodziwa nyumba yonse. Mukamutuma mwana kukatapa ndalama kwa ejenti, muziwerenga nokha mauthenga obwera pambuyo pake, ndipo mukaona kuti mauthenga a ndalama akufufutidwa pa foni yanu, funsani. Mwana amene mwamupeza akulumphitsa kanyama kapena akuphatikiza ma 64 musamukalipire mofanana ndi amene mwamupeza akuyang'ana kandege kofiira. Mukawaika m'thumba limodzi, onse awiri adzaphunzira kubisa sikirini, ndipo wachiwiriyo simudzamugwira mpaka fizi itasowa.

A komiti ena andifunsapo kuti bwanji osangowabwezera ana ku masewera athu akale. Sindikutsutsa. Bawo imene akuluakulu amasewera pansi pa mitengo ndi m'makonde a sitolo ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ili ndi masamu ambiri kuposa 2048: maenje 32 m'mizere inayi, nkhomo 64, ndipo katswiri amawerengera m'mutu kumene dzanja lake likathere asanatole n'komwe. Vuto lake pa buleki n'lakuti gemu ya akatswiri imatalika, ndipo oonerera salola kuti ithe msanga. Koma thabwa la bawo lili ndi khalidwe limodzi lofanana ndi 2048: belu likalira mutha kulisiya momwe lilili n'kudzapitiriza masana, bola pasapezeke wosuntha nkhomo mwakabisira.

Choncho ndikupempha. Ngati pali kholo limene lili ndi thabwa la bawo longokhala kuseri kwa kabati, kapena kalipentala pakati panu amene angatisemere awiri, tidzawaika pa khonde la chipinda cha makompyuta kuti odikira mpando azisewera. Tikufunanso agogo mmodzi kapena awiri odziwa malamulo bwinobwino oti abwere Lachitatu masana kwa masabata angapo, chifukwa ana ambiri amadziwa kufesa nkhomo koma kutakata kumawasokoneza, ndipo aliyense amabwera ndi lamulo la kwawo. Nkhomo zikasowa tiyamba ndi timiyala ta mu mtsinje wa Nasolo. Uzani mwana wanu adzandipeze ku ofesi ya aphunzitsi teremu ino isanathe.